Mmene mungamvere liwu loti "get" popanda kuloweza matanthauzo ake onse

Funso loti "kodi get amatanthauza chiyani?" landifika kokwanira. Amafunsa ana a Fomu 4 mayeso akayandikira, amafunsa achibale a ku Joni amene abwana awo amalankhula mothamanga, amafunsanso anthu amene anakhoza Chingerezi bwinobwino pa MSCE koma filimu ikayamba amangodalira zithunzi. Ambirife ku pulayimale anatiuza kuti get ndi "kupeza" kapena "kutenga". Yankho limenelo si labodza, koma limathandiza pa ziganizo zochepa chabe. Mukaliyesa pa "it is getting dark" mupeza kuti palibe chimene chikutengedwa, kunja kukungoda basi.

Mukatsegula dikishonale yaikulu mupeza matanthauzo a get atadzaza masamba. Musayese kuwaloweza. Get ali ngati waganyu, ntchito imene agwire tsikulo imadalira amene wamulemba, ndipo womulembayo ndi liwu lobwera pambuyo pake. Tsatirani ndondomeko ili m'munsiyi, ndipo pa sitepe 5 musathamangepo.

1. Yambani mwadziwa maonekedwe ake

Ndi ochepa: get, gets, getting, got. Chovuta chili pa maonekedwe achitatu a mneni, aja amabwera pambuyo pa have kapena has. A ku Britain amati got, a ku America amati gotten. Chingerezi cha m'sukulu zathu chimatsatira cha ku Britain, choncho pa mayeso lembani "it has got worse". Mukamva "it has gotten worse" mufilimu musaganize kuti wolankhulayo walakwitsa. Gotten ndi wakale, ankamveka ku England komweko, ndipo anthu amene anawoloka nyanja kupita ku America anapita naye n'kumusunga, pamene kwawo anayamba kuzimiririka. Mapazi ake akuonekabe mu forgotten. Liwu lenilenilo Angerezi analitenga kwa anthu a ku Scandinavia, amene m'chinenero chawo chakale ankati geta.

2. Ngati pambuyo pake pali dzina la chinthu, ganizani za chinthu chofika m'manja

Apa ndi pamene "kupeza" ndi "kutenga" amagwira ntchito, koma Chichewa chili ndi aneni ambiri pamene Mngerezi akungoti get. "I got your message" ndi "ndalandira uthenga wanu". "She got a job" ndi "wapeza ntchito". "Where did you get those shoes?" nthawi zambiri ndi "nsapatozo munagula kuti?" "Go and get the hoe" ndi "katenge khasu". "He got malaria" ndi "wadwala malungo". Pa zonsezi pali chinthu chimene munthu analibe ndipo tsopano ali nacho, kaya anachifuna kaya sanachifune.

Pakakhala munthu pakati, ikani -ir- kapena -er- wathu uja. "Get me some water" ndi "kanditengereni madzi". "I got my mother a chitenje" ndi "ndawagulira mayi chitenje".

Chinthu chofika m'manjacho chikhoza kufikanso m'mutu. "I don't get it" ndi "sindikumvetsa". "Do you get me?" ndi "mukundimvetsa?" Kwathu kuno pa foni timakonda kunena kuti "are you getting me?" netiweki ikamavuta. Mngerezi akamva zimenezi amaganiza kuti mukufunsa ngati akutsatira mfundo yanu. Ngati mukufunsa za mawu kumveka, nenani kuti "can you hear me?"

Pali tiziganizo tiwiri timene tasokoneza ambiri ogwira ntchito m'nyumba za eni. Foni ikalira kapena wina akagogoda, munthu n'kunena kuti "I'll get it", akutanthauza kuti ayankha kapena atsegula ndi iyeyo, inu khalani. Mukadyera limodzi, woperekera zakudya n'kubweretsa bilu, mnzanuyo n'kunena kuti "I'll get this", ndiye kuti alipira ndi iyeyo. Thokozani, musapise m'thumba.

3. Ngati pambuyo pake pali mfotokozi, ganizani za kusintha

Get tired, get angry, get old, get wet, get better, get dark. Apa get sakutanthauza kutenga ngakhale pang'ono. Akunena kuti chinthu chachoka mmene chinalili n'kukhala mwina.

Chifukwa chimene sitepe imeneyi imativutira n'choti Chichewa sichifuna liwu lapadera lonenera kusinthako. Aneni athu ali nako kale mkati. Kutopa, kukwiya, kukalamba, kunyowa, kuchira, kuda: aliyense mwa amenewa ndi get ndi mfotokozi wake ataphatikizana. Ndiye mukamasulira, musafune liwu la get payekha. Tengani mawu awiriwo ngati mneni mmodzi.

Samalani kusiyana kwa be ndi get. "I am tired" akunena mmene mulili panopa, "ndatopa". "I get tired quickly" akunena za kutopako kukamabwera, "sindichedwa kutopa". "I am getting tired" ndi "ndayamba kutopa". Chimodzimodzi "they are married" ndi anthu amene ali pabanja, pamene "they got married in 2019" akunena za tsiku laukwati. Chingerezi sichisiyanitsa kukwatira ndi kukwatiwa, onse awiri ndi get married. Ndipo kaliwu kotsatira ndi to: "she got married to a teacher". Ambiri amalemba with chifukwa m'mutu muli "ndi" wa "anakwatiwa ndi mphunzitsi".

M'gulu lomweli muli get wa msintho wochitidwa, uja timamuonetsa ndi -dw-. "He got caught" ndi "anagwidwa". "She got promoted" ndi "anakwezedwa pa ntchito". "We got paid" ndi "talipidwa". Angerezi amakonda get ameneyu pa zinthu zogwa mwadzidzidzi kapena zokhudza munthu kwambiri. Koma si paliponse pamene amalowa. Kubadwa ndi "I was born", osati "I got born".

Onjezani get used to, kuzolowera. Mneni wobwera pambuyo pake amatha ndi -ing: "I am getting used to waking up early". Musamusokoneze ndi "I used to wake up early", amene akunena zimene munkachita kale koma munasiya.

4. Ngati pambuyo pake pali malo, ganizani za kufika

"What time did you get to Mzuzu?" ndi "munafika nthawi yanji ku Mzuzu?" "How do I get to the market?" ndi funso lofunsira njira. Kaliwu koti to kamafunika, kupatula pa home, here ndi there. Nenani "I got home late", "when you get there". "I got to home" ndi kulakwitsa kofala kwambiri m'makope a ana.

Kukwera ndi kutsika kuli pomwepa. Basi, sitima, ndege, njinga ndi njinga yamoto zimatenga get on pokwera ndi get off potsika. Galimoto yaing'ono ndi takisi zimatenga get in kapena get into pokwera, ndi get out of potsika. Njira yokumbukira ndi iyi: ngati mungathe kuimirira n'kuyenda mkati mwake, kapena mumakhala pamwamba pake, ndi on. Ngati mumawerama polowa n'kufikira kukhala pansi, ndi in. Minibasi ili pakatikati ndipo zonse ziwiri zimamveka, ngakhale kuti mmene amatipanikizira anayianayi muja, in ndiye akunena zoona. Chimene muyenera kusiya ndi "I will drop at the roundabout". Kondakitala wa ku Lilongwe akumvani, koma dalaivala wa basi mumzinda wa Leeds ku England adabwa. Kumeneko ndi "I'm getting off at the roundabout".

5. Ngati pali chinthu kenako liwu lina lachitatu, imani kaye

Apa ndi pamene mabuku ambiri amangodutsapo ndi mzere umodzi, chonsecho ndi pamene anthu amapwetekera. Chiganizo chimakhala ndi zigawo zitatu: get, munthu kapena chinthu, kenako liwu lina. Liwu lachitatulo ndi limene muyenera kuliyang'anitsitsa. Mwayi wathu ndi woti Chichewa chili ndi chida chake chochitira zomwezi, msintho wochititsa uja wa -its- ndi -ets-.

Choyamba, liwu lachitatu likakhala mneni wa maonekedwe achitatu, monga fixed, made, charged, tested. Tanthauzo lake n'loti ntchitoyo simunaigwire nokha, munapereka kwa wina. "I got my bicycle fixed" ndi "ndakonzetsa njinga". "She got a dress made" ndi "wasoketsa diresi". "We got the maize milled" ndi "tagayitsa chimanga". "I need to get my phone charged" ndi "ndikufuna kutchajitsa foni". Ngakhale "get tested" wa pa zikwangwani za kuchipatala uja ndi "kayezetseni". Mukangomva -its- kapena -ets- wotere m'mutu mwanu, dziwani kuti Chingerezi chake chifuna get, chinthucho, kenako mneni.

Kulakwitsa kuli pawiri. Ena amasiya get n'kunena kuti "I fixed my bicycle", ndipo womvayo amaganiza kuti munagwira sipanala nokha. Pa nkhani ya njinga palibe vuto lalikulu, koma kuuza mwini nyumba kuti "I fixed the wiring" pamene munaitana wodziwa zamagetsi kungakubweretsereni mafunso amene simunawayembekezere. Ena amasokoneza dongosolo n'kunena kuti "I got fixed my bicycle". Chinthucho chiyenera kukhala pakati nthawi zonse.

Tsopano nayi mbuna yeniyeni. Chiganizo chomangidwa chimodzimodzi chikhoza kunena za tsoka limene lakugwerani. "I got my phone stolen" sakutanthauza kuti munatuma munthu kuti akube foni. Akutanthauza "ndaberedwa foni". "He got his leg broken in the accident" ndi "anathyoka mwendo pa ngoziyo". Maonekedwe a chiganizo sangakuuzeni kusiyanako. Muyenera kudzifunsa kuti: kodi munthu wanzeru zake angafune kuti zimenezi zichitike? Ngati angafune, ndi -its- wathu uja. Ngati sangafune, ndi tsoka lomugwera. Inuyo polankhula, makamaka kupolisi kapena polemba lipoti, pewani chiganizo cha mbali ziwirichi. Nenani kuti "my phone was stolen", palibe amene angakumveni molakwika.

Chachiwiri, pakati pakakhala munthu ndipo pambuyo pake pali to ndi mneni. "I got him to sign the form." Apa mwachititsa munthu kanthu, koma mochita kumunyengerera, kumupempha kapena kulimbana naye mpaka walola. Chichewa chikhoza kungoti "ndamusayinitsa", koma Chingerezi chimasiyanitsa njira yake. "I made him sign" ndi kumukakamiza. "I got him to sign" ndi kumugonjetsa ndi mawu. Onani bwino kaliwu koti to: get amakafuna, make sakafuna. Ophunzira ambiri amatembenuza, amalemba "I made him to sign" ndi "I got him sign", ndipo zonse ziwiri woyesa mayeso amazidula ndi cholembera chofiira. Kusiyanaku si kwa mayeso okha. Mukauza abwana kuti "I made the customer pay" mukumveka ngati munamuopseza kasitomalayo.

Chachitatu, liwu lomaliza likakhala mfotokozi. "Get the children ready" ndi "akonzekeretseni anawo". "Don't get your uniform dirty" ndi "usadetse yunifomu". Ndi kusintha kwa pa sitepe 3 komwe kuja, kungoti tsopano mukusintha chinthu china osati inuyo.

Chachinayi, liwu lomaliza likatha ndi -ing, tanthauzo ndi kuyambitsa. "He got the engine running" ndi "waliza injini", kawirikawiri itavutavuta. Popanda chinthu pakati, "let's get going" ndi "tiyeni tizipita".

Musapitirire musanayese izi. Tengani ntchito zisanu zimene munapereka kwa ena mwezi uno, kaya kwa telala, kuchigayo, kwa wowotcherera kapena kwa wometa, muzilembe m'Chichewa, kenako muzitembenuze ndi get. Mukatha kunena "I got my hair cut" osaganiza kawiri, sitepe imeneyi yalowa.

6. Siyanitsani got ndi have got

"I got a car" ndi "ndinapeza galimoto" kapena "ndinagula galimoto". "I've got a car" ndi "ndili ndi galimoto", basi. Ngakhale akuoneka ngati wa nthawi yapitayi, have got amanena za panopa, ndipo ndi wofanana ndi have. "She's got three children" ndi "ali ndi ana atatu". "Have you got change?" ndi "muli ndi tchenji?" Poyankha mwachidule nenani "yes, I have" kapena "no, I haven't", got musamubwereze. Ponena za kale, got amachoka: "I had a car", osati "I had got a car".

Apa ndi pamene a ku America amapindulira ndi gotten wawo. Kwa iwo "I've got money" ndi "ndili ndi ndalama", pamene "I've gotten money" ndi "ndapeza ndalama".

Pakabwera to, tanthauzo limasinthanso. "I've got to go" ndi "ndiyenera kupita". Koma "I got to see the lake" ndi "ndinapeza mwayi woona nyanja", ndipo "we never get to rest" ndi "sitipeza mpata wopuma". Kusiyana konseko kwagona pa 've, kamene munthu wolankhula mothamanga amakameza. N'chifukwa chake mumamva "I gotta go". Khutu likalephera, nkhani yake ikuthandizeni: munthu woyang'ana wotchi akunena za kuyenera, wofotokoza za ulendo wake akunena za mwayi.

7. Timawu ting'onoting'ono tiphunzireni m'ziganizo

Get akakumana ndi up, over, by, along, away, through ndi anzawo, nthawi zina tanthauzo limaoneka poyera. Get up ndi kudzuka kapena kuimirira, get out ndi kutuluka, get back ndi kubwerera. Koma ena sangadziwike pongoyang'ana, ndipo mafunso osankha yankho pa mayeso amawakonda kwambiri.

"She got over the illness" ndi kuchira, ndipo amanenanso choncho za chisoni kapena chibwenzi chimene chatha. "We get by" ndi yankho la munthu amene ndalama zake n'zongokwanira kufika mawa, "tikungoyesera". "They get along", kapena "they get on" kwa a ku Britain, ndi kugwirizana. "He got away with it" ndi munthu amene walakwa koma osalangidwa, wosiyana ndi "he got away" amene wangothawa. "I couldn't get through" ndi foni imene sinalowe. "I'll get back to you" ndi lonjezo loti akuyankhani nthawi ina, ndipo aliyense amene anafunsirapo ntchito akudziwa kuti si nthawi zonse limakwaniritsidwa. "Get rid of" ndi kutaya kapena kuchotsa chinthu chosafunika.

Awiri awa asungeni padera. "I got lost" ndi "ndinasochera", koma "get lost!" wolamula ndi mwano, "choka apa!" Ndipo "get back to him" ndi kumuyankha, pamene "get back at him" ndi kumubwezera choipa.

Ine sindikhulupirira zoloweza mndandanda wa mawu amenewa ndi matanthauzo ake pambali. Umatha m'mutu mayeso akangodutsa. Chimene chimakhalitsa ndi kusunga kope laling'ono, ndipo mukamva get pa wailesi, mufilimu kapena kuntchito, mulembe chiganizo chonse mmene chanenedwera, ndi amene wanena, ndi chimene chimachitika. Kenako dzifunseni kuti pa Chichewa munthu ali pamenepo akanati chiyani.

8. Dziwani pomugwiritsa ntchito ndi pomusiya

Aphunzitsi ena amaletseratu get m'chimangirizo, amati ndi liwu la ulesi. Ali ndi mfundo, koma amapitirira nayo. M'kalata yofunsira ntchito, lipoti kapena chimangirizo cha mayeso, sankhani mneni wolunjika: receive polandira, obtain popeza satifiketi kapena chilolezo, become posintha, arrive pofika, understand pomvetsa, recover pochira. "I obtained my certificate in 2021" akukhala bwino m'kalata kuposa "I got my certificate". Have got, gotta ndi "I don't get it" asalowe m'kalata yotere.

Koma polankhula zinthu zimatembenuka. Munthu wouza mnzake kuti "I obtained bread at the shop" kapena "I am becoming hungry" amamveka ngati akuwerenga chikalata cha boma, ndipo ambiri amene tinaphunzira Chingerezi m'mabuku timalankhula choncho osadziwa. Pocheza, pa WhatsApp, ngakhale mu imelo wamba ya kuntchito, "I got bread" ndi "I'm getting hungry" ndiye Chingerezi chachibadwa. Palinso malo ena amene get alibe womulowa m'malo wabwino ngakhale polemba: get married, get dressed, get ready, get used to, get rid of. Amenewa alembeni mopanda mantha, ngakhale pa pepala la MANEB.